Pepala Lolamula Moyo wa Wogwetsana wa Sumo

Kukatsala sabata ziwiri kuti mpikisano waukulu wa sumo uyambe, bungwe loyendetsa masewerawa ku Japan, la Nihon Sumo Kyokai, limatulutsa pepala limodzi lotchedwa banzuke. Limalembedwa pamanja ndi inki yakuda kenako n'kusindikizidwa, ndipo pamakhala mayina a amuna onse pafupifupi 600 amene amadyera sumo. Mayina a akatswiri amakhala pamwamba, m'zilembo zonenepa zooneka uli chapatali. Ukamatsika m'munsi zilembo zimanka zionda, mpaka kumzere wotsiriza umene anthu ena amachita kuwerenga ndi galasi lokuza zinthu.

Pamene dzina la munthu lili papepalali ndi pamene pamanena nthawi yoti adzuke, zoti avale, ngati adye poyamba kapena adikire zotsala, ngati alandire malipiro kapena ayi. Ndipo miyezi iwiri iliyonse pepalalo limalembedwa mwatsopano. Ntchito yonse ya rikishi, monga amatchulidwira wogwetsana wa sumo, ndi yolimbana kuti dzina lake likwere, ndipo likakwera lisatsike.

Bwalo ndi malamulo ake

Amalimbanira pabwalo ladothi lotsenderedwa mpaka kulimba gwa, lotchedwa dohyo. Malire ake ndi timitolo ta mapesi a mpunga tokwiriridwa mozungulira, ndipo kuchoka mbali ina kukafika ina ndi mamita 4.55 basi. Woyamba kuponda kunja, kapena kukhudza pansi ndi chiwalo china chilichonse kupatula kuphazi, wagonja. Nkhonya, kukoka tsitsi ndi kutosa m'maso n'zoletsedwa, koma mbama, kukankha, kunyamula ndi kutchera ndale zonse n'zololedwa. Bungweli limavomereza njira 82 zopambanira, ngakhale kuti kawirikawiri munthu amapambana pongogwira lamba wa mnzake n'kumuguguza mpaka kunja. Sagawa anthu potengera kulemera kwawo. Wa makilogalamu 110 akhoza kupezeka atayang'anizana ndi wa makilogalamu 190, ndipo palibe womumvera chisoni.

Kulimbana kwenikweniko nthawi zambiri kumatha m'masekondi ochepa. Chimene chimatenga nthawi ndi mwambo woyambirira, wochokera m'chipembedzo cha Shinto: kuchukucha m'kamwa, kuwaza mchere pabwalo, kupondetsa mapazi pansi mwamphamvu, kutuzulirana maso. Mipikisano ikuluikulu imakhalapo 6 pachaka, uliwonse wa masiku 15. Ya Januwale, Meyi ndi Sepitembala imachitikira m'holo ya Ryogoku Kokugikan ku Tokyo, wa Malichi ku Osaka, wa Julayi ku Nagoya, ndipo wa Novembala ku Fukuoka.

Khomo lolowera

Mwa mwambo, mnyamata amalowa ali ndi zaka 15, atangomaliza maphunziro amene lamulo la ku Japan limakakamiza mwana aliyense. Wopitirira zaka 23 nthawi zambiri salandiridwa, pokhapokha ngati anaonetsa kale luso m'mipikisano ya masukulu aukachenjede. Salembedwa ntchito ndi bungwe mwachindunji. Amayamba wapeza nyumba yomulera, yotchedwa heya, imene mwini wake ndi wogwetsana wopuma wotchedwa oyakata. Nyumba zoterezi zilipo zopitirira 40, zambiri mwa izo ku Tokyo ndi m'madera oyandikira. Akalowa m'nyumba imodzi, walowa. Sangasamukire kwina chifukwa choti wayambana ndi mphunzitsi kapena wakopeka ndi ndalama, ndipo akachoka mu sumo khomo silitsegukanso.

Kale panali muyeso wa msinkhu ndi thupi umene sankaunyengerera. Mainoumi, amene anadzatchuka m'zaka za m'ma 1990 chifukwa cha mapindidwe ake ochenjera, anaperewera pa masentimita 173 amene ankafunika. Anapita kwa dokotala amene anamuika silikoni pansi pa khungu la pamutu kuti akwanitse muyesowo, ndipo mu 1990 analandiridwa. Naye Hakuho, amene anadzapambana mipikisano 45, kuposa wina aliyense m'mbiri ya sumo, anafika ku Japan kuchokera ku Mongolia m'chaka cha 2000 ali kamnyamata ka zaka 15 kolemera makilogalamu 62 okha. Nyumba zambiri zinamukana, mpaka ya Miyagino inamutenga atatsala pang'ono kubwerera kwawo.

Wolowa kumene amapatsidwa dzina la pabwalo, amasiya kumeta kuti tsitsi lidzamangike, ndipo kwa miyezi 6 amapita kusukulu ya bungwe ku Kokugikan kukaphunzira maluso oyambirira, mbiri ya masewerawa ndi kalembedwe ka zilembo.

Tsiku la wamng'ono m'nyumba

Amene anagonerapo kusukulu ya sekondale akukumbukira mmene wa fomu wanu ankakhalira pamaso pa wa fomu folo. M'heya zili choncho, kungoti ukulu wake sukhala wa zaka koma wa malo a pabanzuke. Bambo wa zaka 35 amene dzina lake lili m'munsi amatumikira mnyamata wa zaka 21 amene wamupitirira.

Aang'ono amadzuka kusanache n'kuyamba zolimbitsa thupi m'mimba muli pululu. Amakweza mwendo m'mwamba n'kuupondetsa pansi, mbali iyi kenako inayo, kambirimbiri. Amawomba mzati wathabwa ndi zikhatho. Amakhala pansi n'kutang'adza miyendo mpaka chifuwa chigunde dothi, ndipo amene msana wake ukukana amamutsamira mnzake wolemera kufikira utalola. Chowawa kwambiri chimabwera kumapeto. Wamkulu amaima pakati pa bwalo atatsegula chifuwa, wamng'ono n'kuthamanga kukamugunda ndi kumukankha mpaka kumalire. Akalephera, amamugwira pakhosi n'kumugubuduza pansi. Amadzuka dothi lili mbuu pamsana ponse ponyowa ndi thukuta, n'kugundanso, n'kugwanso, mpaka miyendo itayamba kunjenjemera ndipo mpweya ukuchita kutuluka ndi mkokomo. Oyakata amangokhala pambali akuyang'ana, n'kumaponya mawu amodzi amodzi.

Akuluakulu amabwera pabwalo dzuwa litakwera. Akamaliza, ndiwo amayamba kusamba, wamng'ono akuwatsuka kumsana. Ndiwonso amayamba kudya, wamng'ono ataimirira kumbuyo kudikira kuwonjezera mpunga m'mbale. Chakudya chachikulu ndi chanko, chimphika cha msuzi wa nyama kapena nsomba wosakaniza ndi tofu ndi ndiwo zamasamba zambiri. Pa nthawi ya mpikisano nyumba zina zimakonda nkhuku, poti imaima ndi miyendo iwiri, pamene ng'ombe ndi nkhumba zimakumbutsa munthu wogwa chokwawa. Akakhuta amagona masana, ndipo apa ndi pamene thupi limabwera. Wamng'ono amadya zotsala, n'kutsuka mbale, kusesa, kuchapa ndi kupita kumsika. Usiku amagona m'chipinda chimodzi ndi anzake onse.

Makwerero a magawo 6

Magawo a sumo, kuyambira pansi, ndi jonokuchi, jonidan, sandanme, makushita, juryo ndi makuuchi. M'magawo 4 apansiwo munthu amalimbana maulendo 7 pampikisano, ndipo m'magawo awiri apamwamba amalimbana tsiku lililonse, maulendo 15. Masamu ake ndi osavuta. Ukapambana koposa mmene wagonjera, monga maulendo 4 mwa 7 kapena 8 mwa 15, wapeza kachi-koshi ndipo dzina lako likwera. Zikatembenuka, ndi make-koshi, ndipo utsika. N'chifukwa chake tsiku lomaliza maso a anthu amakhala pa amene apambana ka 7 n'kugonja ka 7.

Ngakhale zovala zimaulula gawo la munthu mumsewu. Wa jonokuchi ndi jonidan amavala mkanjo wopyapyala wathonje ndi nsapato zathabwa zogogoda, ngakhale m'nyengo ya chipale chofewa. Akafika sandanme amaloledwa nkhwaila zabwinoko, ndipo chikhothi cha mphepo chimadikira mpaka makushita. Onse, kuyambira wamng'ono mpaka katswiri, saloledwa kuyendetsa galimoto.

Mzere umene ambiri saudumpha

Pakati pa makushita ndi juryo pali mzere umene umagawa moyo pawiri. Pamwamba pake pali malo 70 okha: 28 mu juryo ndi 42 mu makuuchi. Okhala pamalo amenewa amatchedwa masekitori, ndipo ndi okhawo amene amalandira malipiro a pamwezi. Kuyambira mu 2019, wa juryo amalandira mayeni 1,100,000 pamwezi, ndipo yokozuna, wa pamwamba pa onse, amalandira 3,000,000. Wa makushita, ngakhale ali pamwamba penipeni pa gawo lake, amangopatsidwa alawansi ya mayeni 165,000 pampikisano, kamodzi pa miyezi iwiri. Wa jonokuchi amapatsidwa 77,000.

Kusiyanaku sikuthera pa ndalama. Sekitori amapatsidwa chipinda chakechake, akhoza kukwatira n'kukakhala kunja kwa heya, ndipo amakhala ndi anyamata omutumikira, omunyamulira katundu ndi kumumanga lamba. Pophunzira amavala lamba woyera m'malo mwa wakuda, ndipo pampikisano amavala wasilika. Tsitsi lake limamangidwa mwapadera, lotambasuka kutsogolo, ndi akatswiri a ntchito imeneyi otchedwa tokoyama. Otsatsa malonda amaika ndalama pakulimbana kwa mu makuuchi, ndipo wopambana amalandira maenivelopu pomwepo pabwalo. Wotenga chikho cha gawoli amapatsidwa mayeni 10,000,000.

Zonsezi ndi zobwereka. Wa juryo akachita moipa mpikisano umodzi kapena iwiri, amabwerera ku makushita, malipiro n'kuima, lamba woyera n'kupindidwa, ndipo akhoza kupezeka akunyamula thaulo la amene dzulo anali womutumikira. Ambiri mwa olowa sumo amapuma asanalaweko n'kamodzi komwe moyo wa pamwamba pa mzerewu. Hanakaze analowa mu 1986 n'kupuma mu 2022 ali ndi zaka 51, asanadutsepo sandanme.

Ozeki ndi yokozuna

M'kati mwa makuuchi mulinso makwerero: maegashira, komusubi, sekiwake, ozeki, n'kumalizira yokozuna. Kuti munthu akhale ozeki, mwa chizolowezi amafunika kupambana maulendo pafupifupi 33 m'mipikisano itatu yotsatizana ali pa komusubi kapena sekiwake. Ozeki ali ndi kachitetezo pang'ono, chifukwa satsika ndi make-koshi imodzi. Zikachitika kawiri motsatizana, ndiye watsika.

Yokozuna ndi nkhani ina. Ozeki amafunika kutenga chikho kawiri motsatizana, kapena kuchita zofanana nazo, ndiponso komiti yapadera ya anthu osakhala ogwetsana imaunika khalidwe lake. Pofika mu 2025, mndandanda wonse wa mayokozuna, kuyambira kalekale, unali ndi mayina 75 okha. Wa nambala 75, Onosato, anafika pamenepo mu Meyi 2025 atangochita mipikisano 13, liwiro limene silinaonekepo kale mu sumo ya masiku ano.

Yokozuna yekha ndi amene sangatsitsidwe. Zimamveka ngati mwayi, koma ndi goli. Popeza sangatsike, akayamba kugonja njira yotsala ndi imodzi, kupuma. Kisenosato anakwezedwa mu 2017, n'kung'ambika mnofu wa pachifuwa pampikisano wake woyamba ali yokozuna. Mphamvu za dzanja lake lamanzere sizinabwererenso, ndipo mu Januwale 2019 anatula pansi udindo. Lero ndiye mphunzitsi wa Onosato.

Banzuke sidziwa kuti wina wadwala

Mpaka mu 2003 panali lamulo loti wovulalira pabwalo akhoza kujomba mpikisano umodzi dzina lake osatsika. Lamulolo linathetsedwa. Masiku ano tsiku limene sunabwere limawerengedwa ngati wagonja, choncho ambiri amakwera pabwalo maondo atakulungidwa mabandeji pamene akanayenera kukhala m'chipatala.

Palibe amene anaona mbali zonse za nkhaniyi ngati Terunofuji. Anabadwira ku Ulaanbaatar mu 1991, n'kulowa sumo mu 2011. Anali chimphona cha masentimita 192 chotha kunyamula mnzake n'kukamutula kunja, ndipo mu Meyi 2015 anatenga chikho chake choyamba n'kukhala ozeki ali ndi zaka 23. M'chaka chomwecho anavulala bondo. Anapitiriza kulimbana chovulalacho, bondo linalo nalonso linaonongeka, kenako kunabwera matenda a shuga. Mu 2017 anataya uozeki. Mu 2018 anagwera mu juryo, kenako mu makushita, malipiro n'kuima. Atajomba mipikisano 4 yotsatizana, pofika Malichi 2019 dzina lake linali mu jonidan, gawo lachiwiri kuchokera pansi, pakati pa anyamata olowa kumene. Palibe ozeki amene anagwapo motere n'kupitiriza.

Iye anapempha kangapo kuti apume, koma mphunzitsi wake wa nyumba ya Isegahama, amene kale anali yokozuna Asahifuji, anamuuza kuti ayambe wachira. Atabwerera, ankalimbana m'mawa holo ili mbee, owonerera asanafike. Pampikisano woyambawo anapambana maulendo onse 7. Mu Januwale 2020 anali atabwerera mu juryo, ndipo mu Julayi chaka chomwecho, ali kumunsi kwa makuuchi, anatenga chikho atapambana ka 13 n'kugonja kawiri. Mu 2021 anabwezeredwa uozeki, ndipo mu Julayi anakhala yokozuna wa nambala 73. Anapuma mu Januwale 2025 ali ndi zikho 10. Dongosolo lomwe linamugwetsa mosaona nkhope ndi lomwenso linamukweza, chifukwa silifunsa kuti unali ndani chaka chatha.

Si onse amachoka pabwalo ndi mapazi awo. Mu 2021, Hibikiryu wa gawo la sandanme anagwa chamutu pampikisano wa Malichi ndipo anamwalira patapita mwezi, ali ndi zaka 28. Kuchedwa kumuthandiza pabwalopo kunadzudzulidwa kwambiri. Ndipo walira mvula walira matope: thupi limene limapambanitsa munthu ndi lomwe limamubweretsera shuga, kuthamanga kwa magazi ndi matenda a mtima. Yokozuna wakale Akebono anamwalira mu 2024 ali ndi zaka 54.

Alendo pabwalo la eni

Akebono yemweyo, wochokera ku Hawaii, ndiye anali mlendo woyamba kukhala yokozuna, mu 1993. Njirayi anailambula ndi Takamiyama, wa ku Hawaii komweko, amene mu 1972 anakhala mlendo woyamba kutenga chikho cha makuuchi. Pambuyo pawo panabwera a ku Mongolia, dziko limene lili ndi masewera akeake ogwetsana: Asashoryu, Hakuho, Harumafuji, Kakuryu, Terunofuji ndi Hoshoryu onse anafika pa uyokozuna. Kuchokera mu Africa muno, woyamba anali Osunaarashi wa ku Egypt, amene analowa mu 2012 n'kufika mu makuuchi chaka chotsatira. Ntchito yake inatha mu 2018 atachita ngozi akuyendetsa galimoto wopanda laisensi.

Bungwe limalola mlendo mmodzi yekha panyumba iliyonse. Mlendoyo sapatsidwa womasulira kapena mphika wakewake. Amagona pamodzi ndi anzake, amadya chanko, amaphunzira Chijapani pokalipiridwa, ndipo ambiri amadzachilankhula ngati eni ake.

Zobisika kuseri kwa makoma

Nyumba imene wamng'ono sangayankhe wamkulu, ndiponso sangasamukemo, imabisa zambiri. Mu 2007, mnyamata wa zaka 17 wa nyumba ya Tokitsukaze anamwalira atamenyedwa ndi mphunzitsi wake ndi anzake akuluakulu, ndipo mphunzitsiyo anamangidwa. Mu 2011 zinaululika kudzera m'mauthenga a pafoni kuti ogwetsana ena ankagulitsana chipambano. Mpikisano wa Malichi unalephereka, ndipo anthu opitirira 20 anachotsedwa. Ambiri mwa iwo anali a mu juryo kapena pafupi napo, anthu oopa kugwera pansi pa mzere wa malipiro uja. Mu 2017 yokozuna Harumafuji anapuma atavulaza wogwetsana mnzake, Takanoiwa, pamalo omwera. Chichitikireni zimenezi bungwe lakhwimitsa malamulo oletsa nkhanza, koma nkhani zotere zimamvekabe.

Kudula tsitsi, ndi za mawa lake

Ambiri amapuma asanafike zaka 35. Chizindikiro chake ndi mwambo wodula tsitsi. Wopumayo amakhala pampando atavala zamwambo, ndipo achibale, anzake ndi omuthandiza amabwera mmodzimmodzi kudzadula timatsitsi tochepa ndi sizasi yagolide. Kwa katswiri wotchuka odulawo amakwana mazana. Womaliza amakhala oyakata, amene amadula mfundo yonse. Amene anakhalitsa pa usekitori amachitira mwambowu ku Kokugikan, pamene enawo amachitira m'nyumba yawo kapena paphwando lotsekera mpikisano. Akazi saloledwa kuponda pa dohyo, choncho amene akufuna kuti mayi ake adule nawo amachita kutsika pabwalopo.

Kukhalabe m'bungwe ngati mphunzitsi n'kwa ochepa. Pali mayina 105 okha a akuluakulu, ndipo wofuna limodzi ayenera kukhala kuti anafika pamwamba mokwanira, ali nzika ya Japan, ndiponso dzinalo lili lopanda mwini. Hakuho ndi Terunofuji anachita kusiya unzika wa Mongolia kuti akwanitse zimenezi. Wopeza dzina ali pantchito mpaka zaka 65. Enawo amatuluka kukayamba moyo wina ali ndi zaka 30 kapena kuposerapo, maondo owonongeka, ndiponso opanda satifiketi ya sekondale ngati analowa ali ndi zaka 15. Luso limene ambiri amatuluka nalo ndi la kukhitchini, n'chifukwa chake dera la Ryogoku ladzaza ndi malesitilanti a chanko. Ena amapita kukasamalira okalamba, ntchito yofuna munthu wodziwa kunyamula mnzake mosamala.

Makolo a ku Japan amaziona zonsezi. Mu 1994 ogwetsana anali opitirira 900, ndipo lero atsika kufika cha m'ma 600, ngakhale kuti matikiti a mipikisano amatha msanga. Ana akubadwa ochepa m'dzikomo, ndipo mnyamata wa thupi lalikulu ali ndi masewera ena oti asankhe amene safuna kuti atsuke msana wa munthu. Bungwe lafewetsa muyeso wa msinkhu ndi kulemera kuti likope ambiri, ndipo akatswiri ochuluka tsopano akubwera atamaliza yunivesite, monga anachitira Onosato, ena n'kuloledwa kuyambira pakati pa makwerero. Koma malo olandira malipiro akadali 70, ndipo ntchito zonse za m'heya, kuphika, kuchapa ndi kunyamula katundu wa akatswiri, zimadalira anyamata mazana ovomera kukhala pansi pa mzerewo popanda malipiro. Anyamata oterowo ndi amene akusowa.